Ndimangire chiyani pulogalamu ya pa Raspberry Pi: Make, Cargo, Go kapena Zig?

Chiswe:
Moni nonse apagulu. Nkhani yanga ndi yaitali pang'ono, mundipirire. Ndinalandira ntchito yoyang'anira mapampu a sola ku sikimu ina yothirira kumunsi kwa Shire. Pampu iliyonse ili ndi inveta yolankhula Modbus (chilankhulo chimene makina amalankhulirana) pa waya wa RS485, ndipo pambali pake pali Raspberry Pi 4 (kakompyuta kakang'ono) imene imawerenga manambala, kuwasunga mu database ya SQLite, n'kuwatumiza pa MQTT (njira yotumizira timauthenga ta makina) netiweki ikapezeka. Amene analemba pulogalamuyi anailemba mu C, anapita kwina, anandisiyira foda yokhala ndi Makefile imodzi (fayilo youza Make mmene imangire pulogalamu) ndi kafayilo kakuti "muike kaye libmodbus ndi paho". Awa ndi ma library (kodi yolembedwa kale ndi ena) a Modbus ndi MQTT, koma version yanji, sanalembe.

Sabata yatha ndinasintha mzere umodzi wokha. Ndinamanga pa laputopu yanga ya Ubuntu 22.04 ndi cross compiler ya ARM (yomangira pa laputopu zoti zikayende pa Pi), zonse zinadutsa bwinobwino. Ndinakwera minibasi mpaka pa Nchalo, kenako kabaza. Kufika, kuika fayilo pa Pi, kuiyendetsa, yangondiyankha kuti version GLIBC_2.34 not found. Basi. Dzuwa la ku Chikwawa lili paliwombo, alimi andizungulira akudikira kuti "a injiniya" akonze, foni ikuonetsa kamzere kamodzi ka netiweki. Ndinamwa thobwa amene anandipatsa n'kubwerera ndili wee.

Ndiye ndikuganiza zoilembanso yonse, ndi yaing'ono. Sindikufunsa kuti chilankhulo chokoma ndi chiti, mkangano umenewo tinatopa nawo muno. Ndikufunsa za zida zomangira ndi zokokera ma library. Ndi ziti zimene sizidzandichititsanso manyazi ngati amene aja?

Mfuko:
Go aise. CGO_ENABLED=0 GOOS=linux GOARCH=arm64 go build, watha. Imatuluka fayilo imodzi, siifunsa glibc (library yaikulu ya C ya pa Linux imene inakukana ija), siifunsa aliyense. Ukanakhala utamwa thobwa uja uli wosangalala.

Nkhanu:
Mwayamba kale a Mfuko, munthu sanamalize n'komwe kupukuta thukuta kkkk

Madala_Makefile:
Mphwanga Chiswe, usanagwetse nyumba chifukwa cha kudontha kwa denga, umvetse kaye chimene chinakuchitikira. Pi yakoyo ndikukhulupirira ili pa Raspberry Pi OS ya bullseye, imene ndi Debian 11, ndipo glibc yake ndi 2.31. Ubuntu 22.04 ili ndi 2.35. Mu glibc 2.34 anasintha version ya kachinthu kamene pulogalamu iliyonse ya C imadzera poyamba isanafike pa main, ndiye chilichonse chimene wamanga pa makina atsopano chimafuna 2.34 kapena kuposa, ngakhale chikhale chongolemba moni. Lamulo lake ndi lakalekale: umamangira pa glibc yakale kuti uyendetse pa yatsopano, osati mobwerera.

Ndipo ndikuuziretu, ukanadutsa pamenepo ukanagwanso patsogolo. Ngati MQTT yako ili ndi TLS yobisa mauthenga panjira, paho amadalira library ya OpenSSL. Ubuntu 22.04 ili ndi OpenSSL 3, bullseye ili ndi 1.1.1. Ikanakufunsa libssl.so.3, imene pa Pi palibe.

Vuto si C. Vuto ndi loti unamangira nsapato pa phazi la munthu wina.

Chiswe:
Zoona akulu, ndi bullseye ya 64-bit, ndipo TLS ilipo. Ndiye kuti ndikanapsa kawiri.

Nkhanu:
A Madala, ndi ulemu wonse, zimene mwafotokozazo ndiye vuto la C lenilenilo. Mwana wangosintha mzere umodzi, ndiye akuyenera kudziwa mbiri ya glibc ndi ya OpenSSL kuti pampu iyende? Amene anachoka uja sanalembe ma version chifukwa Makefile siimukakamiza. Mu Rust, imene chida chake chomangira ndi Cargo, sukanatha kusiya foda yotere. Cargo.toml imanena zimene ukufuna, Cargo.lock imanena zenizeni zimene zinagwiritsidwa ntchito, mpaka checksum (chidindo) ya crate (library ya Rust) iliyonse. Wobwera pambuyo amangolemba cargo build.

Kamwana:
Pepani akuluakulu, ine ndangoyamba kumene. Mafayilo awiriwo akusiyana pati? Ndimaona Cargo.lock ndimangoiopa, tsiku lina ndinaifufuta poganiza kuti ndi zinyalala.

Nkhanu:
Usaope kufunsa. Tiyerekeze kuti amayi akutuma kugolosale, akuti ukagule sopo, mafuta ophikira ndi shuga. Imeneyo ndi Cargo.toml: yanena mtundu wa zinthu, ndipo mwina yati "mafuta asachepere lita imodzi". Ukabwera umabweretsa lisiti yosonyeza kuti unagula sopo wakuti, botolo lakuti. Imeneyo ndi Cargo.lock. Mwezi wamawa akatuma mng'ono wako atanyamula lisiti ija, adzabweretsa zomwezo ndendende. Ukaitaya, adzagula zimene wazipeza pashelefu tsiku limenelo, ndipo mwina mafuta ake adzakhala ena. Pa pulogalamu ngati ya a Chiswe, lock imalowa mu git, osaifufuta.

Mfuko:
Ku Go tili ndi go.mod ndi go.sum koma nzeru yake ndi ina. Cargo ikakhala ilibe lisiti imatenga version yatsopano kwambiri imene ikuloledwa. Go imatenga yakale kwambiri imene ikukwanira zofuna za onse. Russ Cox anaitcha minimal version selection. Iwe ukati ukufuna 1.2, library ina n'kuti ikufuna 1.4, Go imatenga 1.4, ngakhale kunja kuli 1.9. Ndiye munthu akatulutsa version yoipa usiku uno, siikulowera m'nyumba mpaka utaiitana wekha. go.sum si lisiti kwenikweni, ndi mndandanda wa zidindo zotsimikizira kuti chimene wakokacho sichinasinthidwe panjira.

Nkhanu:
Muwauzenso a Mfuko kuti munakhala zaka zingati musanafike pamenepo. Go 1.0 inatuluka 2012, ma module anabwera mu 1.11 chaka cha 2018, ndipo anadzakhala njira yokhazikika mu 1.16 mu 2021. Pakati ponsepo munali mu GOPATH, kodi yonse ya dziko lapansi mufoda imodzi, go get ikungokoka chilichonse chili pa master. Rust 1.0 inatuluka May 2015 Cargo ili kale m'manja, ndipo mmodzi mwa amene anaiyamba ndi Yehuda Katz, yemwe anali atapsa kale ndi Bundler, chida chofanana nacho cha ku Ruby.

Mfuko:
Sindikukana. Ndinagwiritsapo godep, glide ndi dep, zida zakale zokokera ma library mu Go, zonse zinafa ndikuona. Koma lero ndi lero. Ndipo /v2 yoika pa dzina la module ikafika version 2 ndimaidandaulabe, musandikumbutse.

Buluzi:
Mwamaliza? Chiswe amwene, sukufunika kulembanso kanthu. Koka Zig, chilankhulo chobwera ndi zomangira zake, ndi fayilo imodzi yopanikiza, umangoimasula, palibe zoika. M'kati mwake muli clang, compiler ya C, ndi zonse zofunika pomangira makina ena. Ndiye ulembe make CC="zig cc -target aarch64-linux-gnu.2.31". Waona 2.31 kumapetoko? Ukuiuza glibc imene ili pa Pi yako. Kodi yako ya C ikhala momwemo. Ngakhale Uber inagwiritsa ntchito zig cc pomangira ma seva ake a arm64, osalemba pulogalamu zake mu Zig.

Madala_Makefile:
Imeneyo ndiye nzeru. Koma umuuze zonse. Zig ikonza za glibc, koma libmodbus, paho ndi OpenSSL za ARM azitenga kuti? Ayenera kuzimanga yekha ndi zig cc yomweyo, kapena akopere ma header ndi ma library kuchokera pa Pi kupanga sysroot.

Buluzi:
Eya, pamenepo mpovuta ndithu. libmodbus ndi yosavuta, configure imalola kuiuza host ndi CC. OpenSSL ndiye ndi mfiti, ili ndi Configure yakeyake yolembedwa mu Perl.

Njovu:
Ndalowa mochedwa, kuno ku Leeds ndimaweruka usiku. Ine C++ ndiye imandidyetsa, ndiye ndiloleni ndiyankhe funso limene achemwali a Nkhanu akuliponya mozembera, loti bwanji ife tilibe Cargo yathu. Si ulesi. Make analemba Stuart Feldman ku Bell Labs mu 1976, nthawi imene kukoka kodi pa intaneti kunalibe. CMake inabwera cha mu 2000 kuchokera ku Kitware, ndipo ntchito yake si kumanga, ndi kulemba mafayilo oti Make, Ninja kapena Visual Studio amangire. Pofika nthawi imene anthu anaganiza za package manager, panali kale ma library osawerengeka, ina ya autotools, ina ya CMake, ina ya Meson, ina ya script imene mwini wake yekha ndiye amaimvetsa. Rust ndi Go anamanga mudzi pamalo opanda anthu, anajambula misewu kaye. Ife tikuyesa kulowetsa msewu mu Ndirande nyumba zili kale.

Chachiwiri, library ya C++ yomangidwa kale si chinthu chimodzi. Zimatengera compiler, version yake, ma flag, debug kapena release, static kapena shared. N'chifukwa chake Conan, package manager ya C++, imawerengera zonsezi popanga dzina la package, ndipo vcpkg ya Microsoft, imene inatuluka 2016, nthawi zambiri imangomanga zonse kuchokera ku source pa makina ako. Masiku ano zinthu zili bwinoko: vcpkg.json imagwira ntchito ngati Cargo.toml, ili ndi baseline yomangirira ma version, Conan 2 inatuluka 2023 ili ndi lockfile, CMake ili ndi FetchContent. Koma "bwinoko" ameneyu ndi wa munthu amene ali ndi intaneti yosatha ndi magetsi osathima. Ndili kumudzi pa tchuthi ndinasiya vcpkg ikumanga Qt madzulo, magetsi anapita pakati pa usiku, batire inatha, m'mawa ndinapeza package imene inali pakati iyenera kuyambiranso. Ndinatseka laputopu n'kupita kukadya mango.

Chiswe, pa kapulogalamu kako usayandikire kwathu kuno.

Nkhanu:
Munthu wa C++ wanena yekha, ine sindinanene kkkk

Madala_Makefile:
Chemwali, tsopano ndikufunseni inu. Pulogalamu ya Chiswe mu C ikudalira zinthu zinayi: libmodbus, paho, SQLite, OpenSSL. Ndikhoza kuzitchula ndili m'tulo, ndikudziwa amene amazisamalira, ndipo Debian ikatulutsa chigamba cha OpenSSL, apt imakonza Pi yonse kamodzi. Mulembe yomweyo mu Rust: tokio, tokio-modbus, rumqttc, rusqlite, serde. Kenako muyendetse cargo tree mutiuze mizere ingati. Idzapitirira 100 mosavuta. Aliyense mwa anthu amenewo mwamupatsa kiyi wa nyumba yanu, chifukwa build.rs ndi ma proc macro zimayendetsa kodi pa kompyuta yanu nthawi yomanga, musanayendetse n'komwe pulogalamu yanu. Mwaiwala za 2023, pamene serde_derive inayamba kubwera ndi binary yomangidwa kale anthu osauzidwa bwino, mpaka phokoso litakula ndi pamene anaichotsa? Walira mvula walira matope. Cargo inapeputsa kuwonjezera dependency, ndiye anthu amawonjezera ngati akuthira mchere.

Nkhanu:
Za kuchuluka ndikuvomera, ndipo zimandinyansa inenso. Library ya Rust yobwera nayo ndi yaing'ono dala, ngakhale manambala a mwachisawawa umakatenga crate ya rand. Koma awerengeni bwino a Madala. OpenSSL mukuiwerenga ngati chinthu chimodzi, chonsecho m'kati mwake muli zinthu zimene ku Rust zikanakhala ma crate ambirimbiri. Zanu zabisala m'thumba limodzi, zathu zili poyera, ndipo cargo audit imandiuza ikapezeka nthenda mu iliyonse.

Ndipo poti mwatchula zoyendetsa kodi nthawi yomanga, tiyeni tikambe za xz, pulogalamu yopanikizira mafayilo pa Linux. March 2024. Andres Freund, munthu wa PostgreSQL, anaona kuti kulowa pa ssh kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi, anafufuza, n'kupeza khomo lakuseri mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1. Linalowera kuti? Osati mu Cargo. Munthu wodzitcha Jia Tan anakhala zaka ziwiri ndi kuposa akuthandiza ngati mnzathu wabwino mpaka anapatsidwa mphamvu zotulutsa release. Choyambitsa chake anachibisa mu fayilo ya m4 ya autotools imene inali mu tarball (fayilo yopanikiza ya release) koma mu git munalibe, ndipo katundu weniweni anali m'mafayilo ooneka ngati oyesera. Palibe anaona chifukwa palibe munthu wamoyo amene amawerenga configure ya mizere masauzande. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Madala_Makefile:
Apo mwandigwira. Ndayendetsa ./configure kwa zaka zoposa makumi awiri ndipo sindinaiwerengepo mpaka kumapeto, ndisaname. Komabe onani kuti inagwidwa isanalowe mu Debian stable. Inali mu testing ndi unstable, ndi mu Fedora yoyesera. Kuchedwa kwa Debian kumene achinyamata mumakuseka ndi kumene kunatchinga. Pa crates.io munthu akatulutsa lero, mawa zili pa makina a anthu.

Mfuko:
Apa ndiye pamene ine ndimagona tulo. go get ndi go build siziyendetsa kodi ya library imene wakoka. Kulibe build.rs, kulibe postinstall ngati ku npm ya JavaScript. go generate ilipo koma umaiyendetsa wekha ndi manja. Ndipo kuyambira 1.13 zokoka zimadzera pa proxy.golang.org, zidindo zake n'kulembedwa ku sum.golang.org, ndiye mwini library akasintha tag mwakabisira Go imakana. Akaifufuta pa GitHub, nthawi zambiri proxy imakhala ikadali nayo.

Nkhanu:
Zofufuta ifenso tinatseka. Pa crates.io ukhoza kupanga yank, kutanthauza kuti atsopano asaitenge, koma amene ali nayo mu lock amaikokabe. Tonse tinaphunzira pa left-pad mu 2016, munthu mmodzi atachotsa mizere 11 pa npm zinthu n'kugwa dziko lonse.

Gulugufe:
Pepani kudula nkhani, alipo ali ndi chaja ya ThinkPad ya pakamwa pa yelo mu Lilongwe? Ndigula lero lomwe.

Kadzidzi:
A Gulugufe, za malonda ndi Loweruka, mukudziwa. Pitirizani enanu.

Chiswe:
Ndikuphunzira zambiri koma mwaiwala chinthu chimodzi: bandulo. Ine ndimagwira ntchito pa hotspot ya foni. Ndi chiti chimene chimadya pang'ono, ndipo ndi chiti chimene ndingamange ndili ku sikimu kopanda netiweki?

Nkhanu:
Funso labwino. Kale Cargo inali yoipa pamenepa, inkakoka index yonse ya crates.io ngati git repo usanayambe n'komwe, umangoona Updating crates.io index bandulo ikupita. Kuyambira Rust 1.70 mu June 2023 imangofunsa za ma crate amene ukufuna. Source ya ma crate ndi yaing'ono. Ukalemba cargo vendor imaika zonse mufoda ya vendor n'kukupatsa mizere yoti uike mu .cargo/config.toml, kenako cargo build --offline imayenda uli pansi pa mtengo. Chimene chimadya si bandulo koma disiki ndi batire: foda ya target imatupa mpaka ma gigabyte, ndipo kumanga koyamba fani ya laputopu imalira ngati chigayo.

Mfuko:
Ku Go ndi go mod vendor, ndipo foda ya vendor ikakhalapo go build imaigwiritsa yokha. Zokoka zimasungidwanso malo amodzi mu go/pkg/mod, ma project onse amagawana. Kumanga ndi masekondi. Koma ndiulule tchimo limodzi. Kuyambira 1.21, go.mod ikanena version ya Go yoposa imene uli nayo, go imakoka toolchain yatsopano yokha osakufunsa. Zinandichitikira ndili pa bandulo yotsala pang'ono: ndinangokweza library imodzi, ndikuona downloading go1 chakuti, kenako meseji yoti bandulo yatha, yayamba kudya mayunitsi. Ika GOTOOLCHAIN=local, izingodandaula m'malo mokoka.

Buluzi:
Zig ili ndi package manager kuyambira 0.11 mu 2023. Mu build.zig.zon umalemba komwe chinthu chili ndi hash yake, palibe registry yapakati. build.zig ndi pulogalamu ya Zig yeniyeni, osati chilankhulo china chapadera ngati cha CMake. Imamanganso C bwinobwino, ndiye ukhoza kutaya Makefile n'kusunga kodi ya C.

Njovu:
Muuzeni kuti Zig siinafike 1.0. build.zig yolembedwa chaka chatha nthawi zambiri imakana pa version ya chaka chino. Munthu akufuna chinthu choti akachisiye kumunda zaka zitatu.

Buluzi:
Ndi zoona, sindibisa. Andrew Kelley mwini wake sanalonjeze kuti zinthu zakhazikika. Mankhwala ake ndi kusunga fayilo ya Zig yomweyo pambali pa project. Poti ndi foda imodzi yosadalira kanthu, ukaiika pa flash yatha. Koma kulemba pulogalamu yonse mu Zig pa ntchito ya anthu, ine amene ndimaikonda ndikuti dikira. zig cc yokha ndiye tenga.

Madala_Makefile:
Pali chimene nonse mukuchilambalala. SQLite. Inalembedwa mu C. A Mfuko, CGO_ENABLED=0 yanu ija ithera pati mwana akafuna SQLite?

Mfuko:
Ndimadziwa kuti mufika pamenepo akulu. Yotchuka ndi mattn/go-sqlite3 ndipo imafuna cgo, kutanthauza compiler ya C ya ARM, ndipo glibc ija yabwereranso pakhomo. Koma pali modernc.org/sqlite, imene anatenga kodi ya C ya SQLite n'kuisandutsa Go ndi makina. Siifuna cgo. Imachedwerapo pa ntchito zolemera, koma manambala a pampu pa mphindi iliyonse si ntchito yolemera. TLS ndiye ili kale mu library yobwera ndi Go, OpenSSL sitimudziwa. MQTT pali paho.mqtt.golang ya Eclipse omwewo. Serial port pa Linux imatseguka popanda cgo.

Madala_Makefile:
Ndiye kuti ndi C yovala malaya a Go.

Mfuko:
Bola yavala.

Nkhanu:
Kwathu rusqlite ili ndi feature ya bundled, imamanga sqlite3.c yokha kudzera mu build.rs, ndiye compiler ya C ya ARM ikufunikabe. TLS timathawira ku rustls kuti tipewe openssl-sys, imene yalizapo aliyense amene anayesa cross compile, koma pansi pa rustls pali ring kapena aws-lc-rs, momwe mulinso C ndi assembly. Ndipo Chiswe ukadzasankha Rust usamale ndi crate ya serialport: pa Linux imabwera itayatsa libudev, imene imafuna pkg-config ndi library ya ARM. Uzimitse ndi default-features = false. Njira imene ine ndimadzera ndi target ya aarch64-unknown-linux-musl kuti zonse zikhale static, kutanthauza m'fayilo imodzi yosadalira glibc ya pa Pi, ndi cargo-zigbuild, imene imabwereka zig cc ya a Buluzi kukhala linker.

Buluzi:
Mwamva nonse? Nkhanu ikafuna kuwoloka imakwera pamsana pa buluzi.

Nkhanu:
Ndavomera, lembani tsiku kkkk. Kunena mosakondera, pa ntchito iyi yokha, Go ndiye ili ndi njira yaifupi. Cargo ndimaikonda kuposa zonse pa kuyesa, ma feature, ma workspace ndi docs, koma cross compile ya Go ndi mawu awiri pa terminal, yathu ndi masana athunthu tsiku loyamba.

Njovu:
Ndiwonjezere kuti ngakhale Linux kernel, imene inalandira Rust mu 6.1 kumapeto kwa 2022, siigwiritsa Cargo. Kbuild, imene ndi Make, imaitana rustc mwachindunji, ndipo crate imene akuifuna amaikopera mu kodi yawo. Makampani akuluakulu nawonso amathera ku Bazel, chida chomangira zilankhulo zosiyanasiyana, kapena zofanana nayo chifukwa Cargo inapangidwira Rust, go build inapangidwira Go, pamene project yeniyeni imasakaniza.

Madala_Makefile:
Kukopera mu kodi yako ndi kumene ife takhala tikuchita chiyambire, lero mwakupatsa dzina loti vendor. SQLite amaitulutsa dala ngati fayilo imodzi, sqlite3.c ndi header yake, kuti uiponye mufoda yako. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Chimene chili pa seva ya munthu ku America si chako tsiku limene uli ku Chikwawa.

Chiswe, uchite izi usanasankhe chilankhulo. Upeze Pi ina yapadera, ukopere SD card ya kumunda ija ndi dd, uike pa tebulo lako. Chilichonse chimene wamanga chiyambe chayenda pamenepo usanakwere minibasi. Ukhoza kumangira pomwepo ndi apt install libmodbus-dev ndi anzake, kapulogalamu kakang'ono sikachedwa. Ulembe ma version onse mu README, kuti wobwera pambuyo pako asadzakutukwane ngati mmene ukumutukwanira mnzakoyo mumtima.

Kamwana:
Nanga Docker? Ndimamva anthu akuti imathetsa zonsezi.

Njovu:
Imathandiza pomanga: ukoka image ya debian:bullseye ya arm64, imene ndi Debian yokonzedwa kale, uiyendetse ndi QEMU yoyerekeza ARM pa laputopu, umangire m'menemo, glibc ndi OpenSSL zikhala zofanana ndi za pa Pi. Koma ndi bandulo inanso, QEMU imachedwa, ndipo Dockerfile yolembedwa apt install popanda version ndi vuto lomwe lija lavala jekete. Ukamanga image usunge ndi docker save.

Chiswe:
Zikomo nonse. Pi yapadera ilipo ku ofesi, inali mu kabati. Ndiyamba ndi njira ya a Madala kuti alimi asadikire, kenako ndiyesa Go pang'onopang'ono. Ndidzakuuzani.

Chiswe:
Ndabweranso, papita masabata awiri. Ndinamanga ya C pa Pi ya pa tebulo, inayenda, ndinakaika kumunda Lachiwiri lapitalo. Ya Go nayo ndamaliza, ikuyenda pa tebulo masiku anayi tsopano osagwa. Fayilo imodzi, ndimaiponya ndi scp. Foda ya vendor yatupa koopsa chifukwa cha modernc, git push yoyamba inandidyera bandulo, koma ndinazimitsa hotspot n'kuyesa go build, inadutsa. GOTOOLCHAIN=local ndaika, ndipo toolchain ya Go yomwe ndinamangira ndaisunga pa flash pamodzi ndi image ya SD card.

Koma pali china. Pa pampu yachiwiri pulogalamu imayenda koma manambala osabwera. Ndinataya maola awiri ndikukayikira libmodbus. Kenako ndinaona kuti wina anazula adaputala ya RS485 kuti atchajire foni, poibwezera inatuluka ngati ttyUSB1 m'malo mwa ttyUSB0, ndipo dzinalo linalembedwa m'kati mwa kodi.

Madala_Makefile:
Usatchule ttyUSB0. Yang'ana mu /dev/serial/by-id, dzina la m'menemo silisintha. Ngati ndi maadaputala otchipa a CH340 opanda serial number, gwiritsa by-path, ndipo doko limene walowetsalo ulilembe ndi penti.

Nkhanu:
Ndipo madoko otsalawo uwamate ndi glue, apo ayi uwagulire alimi chaja yawo.

Chiswe:
Chaja ndagula kale ya pakamwa patatu, ndikaisiya kwa apampando a sikimu Lachisanu. A Mfuko, library ya Modbus ya mu Go ikumandipatsa timeout ndikafunsa ma register opitirira 60 nthawi imodzi, ndi inveta kapena ndi ine?

Mfuko:
Modbus imalola mpaka 125 pa kufunsa kumodzi, koma mainveta ena amakana zisanafike pamenepo. Tumiza dzina la inveta ndi baud rate, ndione ndikafika kunyumba.